Gripe water ndi glycerin wa makanda: kodi n'zoyenera kugula mwana akatha masiku osachita chimbudzi?

Lowani m'famase mu Mzuzu muno, kaya m'tauni, ku Katoto kapena ku Luwinga, munene kuti mwana watha masiku 4 osachita chimbudzi. Nthawi zambiri pakauntala patera chimodzi mwa zinthu ziwiri: botolo la gripe water, timadzi totsekemera tomwetsa makanda, kapena kapaketi ka ma suppository a glycerin, tija tooneka ngati tizipolopolo tolowetsa kotulukira chimbudzi. Gripe water yekha safunanso famase. Ali m'magolosale ndi m'mashopu akuluakulu, pafupi ndi mafuta odzola ndi paudala wa ana, ndipo amayi ena amamulongedza m'chikwama cha kuchipatala mwana asanabadwe n'komwe.

Zinthu ziwirizi taziunika poganizira mwana wa mtundu umodzi: khanda loyamwa bere lokha, losakwana miyezi 6. Chigamulo chathu tisachibise. Gripe water si mankhwala a kudzimbidwa, ndipo ngakhale chipepala cha pabotolo sichilonjeza zimenezo. Glycerin amatulutsadi chimbudzi, koma ana ambiri amene amawagulira sakhala atadzimbidwa, ndipo ochepa amene ali ndi vuto lenileni ndi omwe glycerin angawabisire matenda.

Wogulitsa wodziwa ntchito asanatsitse kanthu pashelefu ayenera kufunsa kuti, "Mwanayu ali ndi masabata angati, mayi?" Masiku 4 osachita chimbudzi kwa mwana wa masabata 2 ndi nkhani ina, kwa mwana wa miyezi 3 ndi nkhani inanso. Popanda kudziwa kusiyana kumeneku palibe chimene munganene pa mankhwala awiriwa, choncho tiyambire pamenepo.

Chimbudzi choyamba cha khanda chimakhala chakuda, chomata ngati phula la pamsewu, ndipo sichinunkha. Ana ambiri obadwa okwana masiku amachitulutsa pa maola 24 oyamba, ndipo pafupifupi onse amakhala atatulutsa pofika maola 48. Chimene chimachikankha ndi mkaka woyamba uja wachikasu, umene ena amati ndi woipa n'kuufinyira pansi. Tsiku la 3 chimbudzi chimayamba kubiriwira ndi kufewa. Pofika tsiku la 4 kapena la 5 chimasanduka chachikasu, chamadzimadzi ngati phala la maungu, chokhala ndi timibulu tonga ta chambiko. Kuyambira pamenepo mpaka masabata 6, mwana woyamwa mokwanira amachita chimbudzi chotere kosachepera kawiri pa maola 24, chilichonse chokula kuposa chitsekero cha botolo la zakumwa. Ambiri amachita akangoyamwa, mwina ka 6 kapena kuposa patsiku, ndipo uku si kutsegula m'mimba ayi.

Masabata 6 akadutsa, zinthu zimatembenuka, ndipo apa ndi pamene amayi amathamangira ku famase. Mwana amene ankadetsa thewera lililonse amangoleka mwadzidzidzi. Masiku 3, masiku 5, sabata yathunthu, ena mpaka masiku 10. Mkaka wa m'mawere umagayika pafupifupi wonse, zotsala zimakhala zochepa, ndipo matumbo amakhala atakhwima moti sakankhanso nthawi iliyonse pamene mimba yalandira mkaka. Tsiku limene chimbudzicho chidzatuluke chimabwera chambiri, chofewa ngati chiponde chosungunula, chodzaza thewera mpaka kumsana ndi chitenje cha mayi chomwe. Mwana wotere sanadzimbidwe. Kudzimbidwa sitiwerenga masiku, timayang'ana chimbudzicho: chouma, cholimba, cha timibulu ngati ndowe za mbuzi, chotuluka mopweteka, nthawi zina ndi kamzere ka magazi pamwamba. Mwa ana oyamwa bere lokha chimbudzi chotere n'chosowa kwambiri, moti chikaoneka, wachipatala amayamba wafunsa ngati mwanayo akupatsidwa china chake kuseri.

Palinso kuchima. Mwana amafiira nkhope, amapinda miyendo, amalira ndi kuchima kwa mphindi 10 kapena 20, kenako n'kutulutsa chimbudzi chofewa bwinobwino, mwinanso osatulutsa kanthu. Agogo akaona zimenezi amati m'mimba mwauma. Zoona zake n'zakuti kuchita chimbudzi kumafuna zinthu ziwiri pa nthawi imodzi, kukankha ndi minofu ya pamimba komanso kumasula minofu ya kotulukira. Khanda limakankha kwinaku litafinya kumusi, ndipo kulirako ndi njira yake yowonjezera mphamvu m'mimba. Madokotala amati infant dyschezia. Zimatha zokha pakapita masabata angapo mwana akaphunzira, ndipo palibe mankhwala ake.

Tsono tibwere ku botolo lija.

Gripe water ndi wakalekale. Anamuyambitsa ndi William Woodward, wogulitsa mankhwala wa ku Nottingham ku England, mu 1851, ndipo dzina lake likadali pa mabotolo mpaka lero, ngakhale kuti makampani ena ambiri amapanganso awo. Woyambirirayo anali ndi mowa wokwana 3.6 peresenti, shuga wambiri, soda ndi mafuta a katsamba kotchedwa dill. N'zosadabwitsa kuti ana ankagona. Ku Britain mowawo anauchotsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, koma gripe water amapangidwa m'mayiko osiyanasiyana ndipo zosakaniza sizifanana. Dzina lomwelo, botolo looneka chimodzimodzi, zam'kati zosiyana. Werengani chipepala, ndipo mukaona mawu oti alcohol kapena ethanol, bwezerani pashelefu.

Pa Woodward's wogulitsidwa ku Britain, supuni ya 5 ml imakhala ndi 52.5 mg ya sodium bicarbonate ndi 2.3 mg ya mafuta a dill, m'madzi otsekemera. Sodium bicarbonate ameneyu musamuone dzina lalitali, ndi soda yemwe uja timathira mu therere. Ntchito yake ndi kuziziritsa asidi wa m'mimba. Dill amati amathandiza mpweya kutuluka. Palibe chilichonse mwa ziwirizi chimene chimafewetsa chimbudzi kapena kuyendetsa matumbo, ndipo chipepalacho chimangonena za mpweya ndi kupotokola kwa m'mimba. Ngakhale pa mpweya pomwepo umboni woti amathandiza ndi wofooka. Chimene chimatontholetsa mwana n'kutsekemerako, pakuti khanda lililonse likalawa chotsekemera limakhala chete kwa kanthawi.

Nanga bwanji amayi amalumbira kuti anamwetsa Lachiwiri, Lachitatu mwana n'kuchita chimbudzi? Chifukwa mayi amagula botolo pa tsiku la 4 kapena la 5, nkhawa itafika pakhosi, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe chimbudzi chinali kale pakhomo. Botolo limangolandira ulemu wa ntchito imene matumbo agwira okha. Mbiri yabwino ya gripe water m'makomo mwathu yamangidwa pa kukumana kwa masiku kumeneku.

Malangizo a pa botolo lomwelo amati asapatsidwe mwana wosakwana mwezi umodzi. Kwa wa mwezi umodzi mpaka miyezi 6 amati 5 ml pa nthawi, osapitirira ka 6 pa maola 24, ndipo botolo likatsegulidwa litayidwe pakatha masiku 14. Malamulo atatu onsewa amaswedwa. Ana amamwetsedwa akadali m'chikuta, mchombo usanagwe. Muyezo umakhala supuni ya tiyi ya m'nyumba, imene ina ndi yaikulu ina yaing'ono. Botolo lotsegula limakhala pawindo miyezi iwiri, kenako n'kubwerekedwa kwa aneba. Madzi a shuga otsegulidwa, othiridwa pa supuni yongopukuta ndi chitenje, ndi njira yachidule yobweretsera kutsegula m'mimba kwa mwana amene analibe vuto lililonse.

Choipa chachikulu komabe si majeremusi, ndi malo. Mimba ya khanda la tsiku limodzi imalandira 5 mpaka 7 ml basi, kutanthauza kuti supuni imodzi yaidzaza. Mwana wamkulupo malo ali nawo, koma akamwa chotsekemera n'kugona, wadumpha bere limodzi. Bere limapanga mkaka molingana ndi umene wachotsedwa. Mwana akamayamwa mochepa, mkaka umachepa, chimbudzi chimachepanso, mayi n'kuwonjezera gripe water. Ukafika pamenepa, mankhwala ogulira vutolo ndi omwe akulikulitsa. Kwa mwana wa masabata 2 amene sakuchita chimbudzi chifukwa mkaka sukumukwanira, izi zingathe kumufikitsa pogonekedwa m'chipatala atachepa madzi m'thupi ndiponso ali ndi chikasu.

Kwa amayi amene ali pa ma ARV pali chifukwa china chowonjezera. Kuyamwitsa mwakathithi kumateteza matumbo a mwana, pamene kusakaniza bere ndi madzi, phala kapena zitsamba miyezi 6 isanakwane kumawonjezera mpata woti kachilombo kalowe. Mankhwala amene achipatala anapereka, monga nevirapine kapena bactrim, apitirire monga anakuuzani. Gripe water sali m'gulu limenelo.

Pali chabwino chimene tinganene pa iye? Botolo lopanda mowa, losapitirira tsiku lake lothera mphamvu, loperekedwa pa muyezo kwa mwana wopitirira mwezi, kawirikawiri silivulaza. Pamenepo ndi pomwe ubwino wake wathera. Pa nkhani ya chimbudzi ndi ndalama yotaya.

Glycerin ndi wosiyana, chifukwa uyu ndi mankhwala enieni ochita zimene amanena. Kachipolopolo kaja kakalowa kamasungunuka ndi kutentha kwa thupi, kamakoka madzi kulowa m'chimbudzi chimene chili kumapeto kwa thumbo, kamaterereretsa njira, ndiponso kamanyerenyetsa thumbolo kuti likankhe. Pa mphindi 15 mpaka 30 chimbudzi chimatuluka. Amabwera m'misinkhu itatu: 1 g wa makanda, 2 g wa ana okulirapo, 4 g wa akuluakulu. Mapaketi ake amafanana kwambiri, choncho onani nambala musanalipire. Wa makanda akasowa, musavomere kuti mugule wa akuluakulu mukadule ndi lezala kunyumba. Chidutswa chodula chimakhala ndi m'mbali mwakuthwa ndipo muyezo wake ndi wongoganizira.

Wachipatala akamuona mwana n'kulemba glycerin, kaikidwe kake ndi aka. Sambani m'manja ndi sopo, zikhadabo zikhale zowenga. Ngati kachipolopoloko kafewa, kaviikeni m'madzi ozizira kakadali m'pepala lake mpaka kalimbe. Mu June ndi July kuno sikavuta, koma mu October, kapena kakasungidwa pafupi ndi mbaula, kamasanduka phala. Matulani pepala, nyowetsani nsonga ndi madzi oyera, gonekani mwana chagada pa thewera, kwezani miyendo ndi dzanja limodzi, ndipo lowetsani pang'onopang'ono mpaka kangodutsa pakhomo n'kubisika. Chala chisatsatire m'kati. Gwirani matako pamodzi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti kasabwerere. Kakakana kulowa musakakamize. Ngati ola latha popanda kanthu, musaike kachiwiri, bwererani kwa amene anakulemberani.

Vuto la glycerin ndi loti amagwira ntchito pa mwana aliyense, wodwala ndi wosadwala yemwe, choncho mayi amaona ngati wapeza yankho. Taganizani za mwana wochima uja. Iye akuphunzira kumasula minofu yake. Mukamamuthandiza ndi kachipolopolo masiku awiri aliwonse, mukumuchedwetsa kuphunzira, ndipo amazolowera kudikira kuti chinachake chimugwire kaye kumusi. Khungu la pamenepo ndi lopyapyala, likang'ambika chimbudzi chimayamba kuwawa, mwana amayamba kuchigwira, ndipo kudzimbidwa kumene kunalibe kumayamba tsopano.

Choopsa kwambiri ndi ichi. Pali matenda obadwa nawo otchedwa Hirschsprung, dzina la dokotala wa ana wa ku Denmark, Harald Hirschsprung, amene anawafotokoza mu 1886. Amagwira pafupifupi mwana mmodzi mwa 5,000, anyamata kuposa atsikana. Chigawo cha kumapeto kwa thumbo lalikulu chimabadwa chopanda mitsempha yochiuza kuti chimasuke, ndiye chimakhala chofinyika ngati paipi yopondedwa, chimbudzi ndi mpweya n'kumadzazana kumtunda. Mwana wotere nthawi zambiri amachedwa kutulutsa chimbudzi chakuda chija kupitirira maola 48, mimba imatupa, amayamwa mwamphwayi, sakwera sikelo. Mukalowetsa glycerin, kapena chala, chimbudzi ndi mpweya zimaphulika mwamphamvu, mimba n'kuphwa, banja lonse n'kupuma. Pakapita masiku awiri mimba yatupanso, aikanso kena. Banja likhoza kuyenda chonchi milungu ingapo, mpaka thumbo litatupa ndi matenda, mwana n'kutentha thupi ndi kutsegula m'mimba monunkha, ndipo pamenepo moyo uli pachiswe. Mankhwala a matendawa ndi opaleshoni, ndipo mwana wopezeka msanga amachira bwino. N'chifukwa chake tikuti glycerin asagulidwe mwana asanagwidwe pamimba ndi wachipatala, ndipo kwa wosakwana mwezi asayesedwe n'komwe kunyumba.

Tikadati tipereke malikisi, glycerin wa 1 g akanakhoza bwino pa ntchito yake yeniyeni, yomwe ndi kuchotsa kamodzi chimbudzi cholimba chimene chatsekera pakhomo, makamaka mwa mwana amene wayamba phala kapena akumwa mkaka wa m'chitini. Pa mwana woyamwa bere lokha wa chimbudzi chofewa, akanalephera, osati chifukwa ndi woipa koma chifukwa wapatsidwa mayeso a kalasi ina.

Pashelefu yomweyo mupezapo lactulose, madzi otsekemera amene amafewetsadi chimbudzi pokokera madzi m'matumbo. Amatenga mpaka masiku 2 kuti ayambe kugwira, amadzaza mpweya m'mimba, ndipo kwa khanda muyezo wake alembe ndi dokotala. Madontho a simethicone monga Infacol ndi a mpweya, chimbudzi sachikhudza.

Tinenepo pang'ono za mankhwala a m'nyumba, poti amapikisana ndi a ku famase ndipo amabwera ndi mawu a apongozi, amene n'kovuta kuwakana. Kachidutswa ka sopo kolowetsa kumusi kamaotcha thumbo, sopo wochapira ndiye kwambiri. Castor oil amatsegula m'mimba mwankhanza, ndipo mwana akatsamwa nawo mafutawo amalowa m'mapapo. Kupopera madzi kumusi kukhoza kuboola thumbo kapena kusokoneza mchere wa m'magazi. Madzi a glucose kapena madzi owiritsa amangolanda malo a mkaka. Madzi a zitsamba monga mzuwula ndi dawale, amene kuno kumpoto makolo amamwetsa makanda pa zifukwa zawo, palibe amene amadziwa mphamvu ya muyezo wake pa chiwindi cha mwana wa makilogalamu 3. Uchi ndiye ayi ndithu mpaka mwana atakwanitsa chaka. Ukhoza kukhala ndi majeremusi oyambitsa botulism, matenda ofooketsa minofu, ndipo chodabwitsa n'chakuti chizindikiro chake choyamba mwa makanda chimakhala kudzimbidwa komweko. Abambo, pano ndi pamene mungathandize. Mayi wongobereka kumene sangatsutsane ndi amayi anu, koma inu mukhoza kunena mwaulemu kuti, "Amayi, anamwino anati tidikire kaye, tikawafunse ku sikelo."

Mlandu winanso umagwera chakudya cha mayi. Amati wadya kondowole, wadya mbalagha, n'chifukwa chake mwana wauma m'mimba. Mkaka umapangidwa kuchokera m'magazi, osati m'mbale, ndipo chinangwa kapena nthochi sizidutsa kukafika m'thumbo la mwana. Mapiritsi owonjezera magazi amadzimbitsa mayi mwiniwake ndi kudetsa chimbudzi chake, osati cha mwana. Musawasiye.

Ndiye mayi achite chiyani m'malo mogula? Zimatengera msinkhu uja.

Ngati mwana sanakwane masabata 6 ndipo watha maola 24 osachita chimbudzi, ganizani za mkaka, osati za matumbo, ndipo mupite naye akamuone tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Werengani matewera onyowa. Kuyambira tsiku la 5 azikhala 6 kapena kuposa pa maola 24, mkodzo woyera wosanunkha. Ndi matewera ansalu kuwerenga n'kosavuta, koma nyengo ya mvula yowaza matewera sauma, ambiri amathawira ku mapampasi, amene amameza mkodzo osaoneka. Thirani masupuni aakulu 3 a madzi pa pampasi louma, mulinyamule m'manja kuti mudziwe kulemera kwa thewera lonyowa mokwanira, kapena muziika kansalu koyera m'kati. Timadontho tofiirira ngati fumbi la njerwa pa thewera si zachilendo pa masiku 2 kapena 3 oyamba, koma tikapitirira tsiku la 4 ndi chizindikiro chakuti mwana sakumwa mokwanira.

Sikelo imanena zoona kuposa maso. Khanda limatsika thupi masiku oyamba, koma lisataye kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kumene linabadwa nako. Wobadwa ndi 3 kg asatsike kupitirira 2.7 kg. Pofika masabata 2 akhale atabwerera pa 3 kg paja, ndipo kuchokera apo azikwera magalamu pafupifupi 150 mpaka 200 pa sabata m'miyezi yoyambirira. Ichi n'chifukwa chake ulendo wa kuchipatala wa pakatha sabata imodzi suyenera kudumphidwa, ngakhale mayi ndi mwana akuoneka bwino.

Ayamwe ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, usiku womwe. Kuzizira kwa Mzuzu kuli ndi msampha wake pano: mwana wokutidwa mabulangete atatu ndi chipewa amagona maola 5 osadzuka, anthu n'kumamuyamikira kuti ndi wofatsa. M'masabata oyamba asapitirire maola 3 osayamwa. Muvuleni atsale ndi thewera ndi chipewa, mumuike pachifuwa khungu kwa khungu, mufunde nonse awiri, adzadzuka yekha kufuna bere. Poyamwa, kamwa ikhale yoyasama kwambiri, mlomo wam'munsi wopindikira kunja, chibwano chogunda bere, ndipo gawo lakuda la bere lizioneka kwambiri pamwamba pa kamwa kusiyana ndi pansi. Muzimva akumeza. Nsonga ya bere ikamapweteka, ikang'ambika, kapena ikamatuluka yophwanyika, mwana akungoyamwa nsonga ndipo mkaka sukutuluka bwino. Amalize bere limodzi mpaka lifewe musanamusinthire ku linalo. Namwino akaona kuyamwa kumodzi kokha amakonza zimene mabotolo asanu sangakonze.

Ngati wapitirira masabata 6, akuyamwa mwamphamvu, matewera akunyowa, akuphwisa, mimba ndi yofewa ndipo mzere wa m'buku la sikelo ukukwera, dikirani. Mukafuna chochita ndi manja, musambitseni m'madzi ofunda, mumusisite pamimba mozungulira mchombo motsata mivi ya wotchi, mupinde miyendo yake kupita pamimba ngati akupalasa njinga. Muchite izi patapita theka la ola atayamwa, kuti asabweze mkaka. Sitikulonjeza kuti zifulumizitsa chimbudzi, koma zimatulutsa mpweya ndipo sizivulaza. Sabata ikatha, kapena mtima ukakana kukhazikika, mupite naye ku sikelo akamuyeze, palibe amene angakudzudzuleni.

Pali zizindikiro zimene sizidikira kucha, ndipo zikaoneka famase muidutse ngati simukuiona. Mwana wosatulutsa chimbudzi chakuda pofika maola 48. Masanzi obiriwira ngati msuzi wa chisoso, ngakhale kamodzi kokha, chifukwa amasonyeza kuti thumbo latsekeka kapena lapotana, ndipo thumbo lopotana limafa pa maola ochepa. Mimba yotupa, yolimba, yonyezimira. Magazi m'chimbudzi. Kukana bere, kufooka moti amangogwedezeka mukamukhudza, kupuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi, liwombo lolowa m'kati, kutentha kwa 37.5 kapena kuposa, kapenanso kuzizira kosafika 35.5 poyeza m'khwapa. Ngati pali chinthu choyenera ndalama ya mayi pakauntala paja, ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, chifukwa dzanja limanama, makamaka m'nyengo yozizira.

Mtundu wa chimbudzi nawonso muziuyang'ana. Chachikasu, chobiriwira, chofiirira ngati dothi, zonsezi zili bwino. Chotuwa ngati choko kapena ngati nsima ya ufa woyera, mwana ali ndi chikasu m'maso chopitirira masabata 2 ndi mkodzo wachikasu kwambiri, chimaloza ku njira za ndulu zotsekeka. Opaleshoni yake imayenda bwino ikachitika mwana asanakwane miyezi 2, ndipo ana ofuna opaleshoni zikuluzikulu chonchi nthawi zina amatumizidwa kutali, ku Lilongwe kapena ku chipatala cha opaleshoni ya ana cha Mercy James ku Queens ku Blantyre, choncho sabata iliyonse yotayidwa pa botolo ndi yodula. Mwana wodzimbidwa amene amangogona, wolira mosasa mawu, wa lilime lalikulu, mchombo wotukuka ndi chikasu chosatha, ayezedwe chithokomiro.

Kwa okhala ku Chibavi, Chiputula, Zolozolo, Mchengautuwa kapena Masasa, poyambira ndi chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ku Mapale, ku St John's kapena kumene mumachitira sikelo, ndipo zofuna madokotala a opaleshoni amazitumiza ku Mzuzu Central Hospital. Mukafika pamzere ndi khanda losanza zobiriwira kapena lofooka, uzani namwino nthawi yomweyo, musakhale pabenchi kudikira kuitanidwa. Tengani buku la mwana ndi lanu. Konzekerani kuyankha tsiku ndi ola limene anatulutsa chimbudzi chakuda choyamba, tsiku limene anachita komaliza, ndi matewera angati anyowa kuyambira dzulo. Ngati pali thewera lokayikitsa, likulungeni m'jumbo mupite nalo, kapena mulijambule pa foni panja powala, chifukwa kuwala kwa babu kumasintha mtundu. Ndipo chilichonse chimene mwana wamwetsedwa kapena kuikidwa, kaya gripe water, glycerin, sopo kapena mzuwula, nenani, botolo lakelo mulinyamule kuti dokotala awerenge yekha zimene zili m'katimo.